Kodi vuto ndi matupi athu kapena chipatala?

Achemwali ena a ku Leeds andilembera imelo. Ali ndi pakati pa miyezi 6, mwana woyamba, ndipo amva kuti kuno ku Britain amayi achikuda amamwalira pa uchembere kuposa azungu. Akufunsa ngati n'zoona, komanso ngati vuto ndi matupi athu kapena chipatala.

N'zoona, achemwali, ngakhale imfa zotere n'zosowa kuno. Lipoti la 2018 la MBRRACE-UK, bungwe lofufuza imfa za amayi pa uchembere, linapeza kuti chiopsezo cha mayi wachikuda chinali chokwera kasanu kuposa cha mzungu, ndipo n'kumene gulu la Five X More (kutanthauza kuti kuposa kasanu), lomenyera uchembere wabwino wa amayi achikuda, linatenga dzina lake mu 2019. Kusiyanaku kwachepako, koma sikunathe. Ku America, bungwe la boma loona za matenda la CDC limati ndi pafupifupi katatu.

Matupi ali ndi mbali yake: kuthamanga kwa magazi, pre-eclampsia (matenda oopsa a amayi apakati othamangitsa magazi) ndi zotupa za m'chiberekero zimatigwira kwambiri ife. Koma chimene chimandipweteka mtima n'choti tikadandaula, satimva msanga. Katswiri wa tenisi Serena Williams atabereka mu 2017, anayamba kubanika. Ankadziwa kuti magazi ake amaundana, ndiye anauza namwino kuti akufunika CT scan (kuunika m'thupi ndi makina) ndi mankhwala a heparin, oletsa magazi kuundana. Namwinoyo anaganiza kuti mankhwala ochepetsa ululu amusokoneza mutu. Atamuunika, anapezadi magazi oundana m'mapapo. Ngati anakayikira Serena, nanga inu ndi ine?

Ndiyeno pali zathu zimene tinabwera nazo. Tinalangizidwa kuti mkazi salira pobereka, ndipo adokotala sitiwatsutsa. Azamba akafunsa kuti muli bwanji, timamwetulira n'kuti tili bwino, mutu ukung'amba. Iwo amalemba zomwe tanenazo.

Mutu ukamapweteka osaleka, maso akamachita chidima, nkhope ndi manja zikatupa mwadzidzidzi, mukamamva kupweteka pansi pa nthiti kapena mwana akachepetsa kusuntha, musadikire tsiku la sikelo. Imbani nambala ya maternity triage (gawo la chipatala lothandiza amayi apakati mwachangu) yomwe ili m'kabuku kapena pa app yanu, ngakhale pakati pa usiku. Nenani mawu enieni: ululu wayamba liti, ukukula bwanji. Akati palibe vuto koma mtima wanu sukuvomera, pemphani dokotala wina, ndipo muwauze alembe m'faelo kuti munapempha.

Kwathu bwenzi mayi anu kapena apongozi ali pa gadiyani, atayala chitenje panja pa wodi. Kuno konzekeranitu wanu: bambo a kunyumba, mnzanu wa kutchalitchi, aliyense wosaopa kuyankhula. Muwauze zizindikirozi lero, chifukwa tsiku la matenda inu simudzakhala ndi mphamvu zolimbana ndi anamwino.