Kuwotcherera, kusula ndi kumata si ntchito imodzi

Mafunso onse a ulendo uno, okhudza kalankhulidwe ndi kalembedwe ka Chichewa, achokera kwa anthu ogwira zitsulo. Tiyambe ndi bambo wina wa ku Mchesi, mumzinda wa Lilongwe, amene akufuna kulembetsa chikwangwani cha pa shedi yake.

Mnzanga akuti ndilembe kuti "Timasula mageti ndi mafelemu a mawindo." Ine ndikuti "Timawotcherera." Wolondola ndani?

Wolondola ndinu, bambo. Kusula ndi ntchito ya pachipala. Chitsulo amachiika pa makala, wina ali kalikiliki ndi mvukuto, ndipo chikafiira amachimenya ndi nyundo mpaka chisanduke khasu, nkhwangwa kapena mpeni. Pamenepo chitsulo chimangofewa, sichisungunuka. Luso limeneli ndi lakale kwathu kuno. M'nkhalango yosungira nyama ya Kasungu mudakali ng'anjo zimene makolo ankayengeramo chitsulo asanachitengere kwa osula.

Inu mumachita zina. Moto wa magetsi umasungunula milomo ya zitsulo ziwiri pamodzi ndi rodi, kandodo kachitsulo kowotcherera, ndipo zikazizira zimakhala chitsulo chimodzi. Chitsulo wamba chimasungunuka kutentha kukafika pafupifupi madigiri 1,500. Kumeneko ndiye kuwotcherera.

Palinso kumata, ntchito ya okonza mawailesi ndi ndowa zodontha. Iwo amasungunula mtovu wokha, chomatidwacho chimakhala momwe chinalili. Ndiye pali okhoma zidebe, ngati aja a ku Ndirande, amene amadula lata, kulipinda ndi kulumanitsa m'mphepete popanda kulisungunula. Mawu anayiwa ndimawakonda chifukwa aliwonse akunena zimene manja akuchita, ndipo zimandiwawa anthu akamawaunjika onse kuti "kupanga zitsulo".

Chikwangwani cha mnzanuyo chili ndi vuto linanso. Polemba sitisonyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu, choncho wodutsa pamsewu akhoza kuwerenga "timasula mageti" ngati mawu ochokera ku kumasula, n'kuganiza kuti ntchito yanu ndi yochotsa mageti pamene anamangidwa.

Ndili ku Johannesburg, ndipo Loweruka ndimapanga mbaula ndi timatebulo m'galaja. Mlamu wanga anandilembera kuti "mundiwotchere wilibala yanga." Ndinamva chimene amatanthauza, koma kodi analemba bwino?

Analakwitsa pang'ono, achimwene, ndipo kulakwitsako n'kofunika kukumvetsa. Tsinde lake ndi -wotcha. Tikawonjezera -er- timapeza kuwotchera, kutanthauza kuwotcha m'malo mwa wina kapena pamalo pena: mundiwotchere chimanga, amawotchera njerwa kudambo. Tikabwereza -er- uja timapeza kuwotcherera, ndipo tanthauzo limasintha, limakhala kugwiriza chinthu ku chinzake ndi moto. Kachitidwe komweka timakaona mu kusoka ndi kusokerera, kukhoma ndi kukhomerera, kumanga ndi kumangirira. Batani timalisokerera pa malaya, thabwa timalikhomerera ku khoma, mwendo wa wilibala timauwotcherera. Choncho mlamu wanuyo, malinga ndi zimene analemba, wapempha kuti wilibalayo muitenthe. Anayenera kunena kuti "mundiwotcherere."

Taonaninso kuti kumanga kwatenga -irir- pamene kusoka kwatenga -erer-. Tsinde likakhala ndi o kapena e limakoka -er-, likakhala ndi a, i kapena u limakoka -ir-. Mwana wa zaka zinayi amatsata lamuloli asanaphunzitsidwe ndi aliyense.

Wina angafunse kuti, popeza kuwotcherera kwatha kale ma -er- awiri, kuchitira munthu wina kusakhale kuwotchererera bwanji? Mwa kawumbidwe ka mawu n'zotheka, koma lilime limatopa, ndipo anthu amangoti "ndiwotcherereni geti." Ndi "ndi-" uja amene akusonyeza wochitiridwa. Chimodzimodzi wopita ndi njinga yothyoka kwa mmisiri amati "ndikukawotcheretsa felemu." Lembani monga momwe anthu amanenera.

Kodi ndi kuwotcherera kapena kuwotchelera? Nanga wowotcherera ndi owotcherera?

Ndi r. M'kati mwa tsinde la mawu, pambuyo pa e kapena i timalemba r, monga mu dzimbiri, kufiira ndi kupanira. Pambuyo pa a, o ndi u timalemba l, monga mu makala, kuboola ndi kusula. Wowotcherera ndi munthu mmodzi, kuchokera ku "wa kuwotcherera." Owotcherera ndi ambiri, kapena mmodzi amene tikumupatsa ulemu. Makina nawo ndi owotcherera, chifukwa timati makina awa, ngakhale atakhala amodzi okha.

Ndimaphunzitsa achinyamata ntchito ya zitsulo ndipo ndikufuna kupachika machenjezo m'Chichewa. Ndiyambe ndi "Osa-" kapena "Musa-"? Nanga girayinda ndi rodi ndiziti chiyani?

Aphunzitsi, girayinda ndi rodi zisiyeni choncho. Ndi mawu amene ophunzira anu akawapeza ku shopu ya zitsulo, ndipo alowa kale m'magulu a maina athu: rodi imodzi, marodi awiri, girayinda yafa. Mukawauza kuti akagule "timitengo tosungunuka" akabwera chimanjamanja. Koma pamene mawu athu alipo, monga nyundo, dzimbiri, kupinda ndi kusungunula, musawataye.

Onse awiri, "Osa-" ndi "Musa-", ndi olondola. "Musayang'ane" akulankhula ndi munthu amene ali pamaso panu, ndipo ali ndi ulemu. "Osayang'ana" ndi lamulo la aliyense wolowa pamalopo, ndiye loyenera pa khoma.

Chimene ndikupempha n'choti musankhe bwino aneni. Musalembe kuti "osaona moto," chifukwa kuona kumachitika ngakhale munthu asakufuna, pamene kuyang'ana n'kochita dala. Musasokonezenso kuthetheka ndi kuphulika. Moto wa girayinda, makina odulira ndi kupalira zitsulo, umathetheka, koma mgolo umene munali petulo umaphulika, ngakhale uoneke wouma, chifukwa mpweya wa mafutawo umatsalira m'katimo. Mnyamata wowerenga kuti mgolo "umathetheka" aganiza kuti ndi timoto tija tozolowereka, n'kuyatsa makina.

Chenjezo la maso lifotokoze chifukwa chake. Kuwala kwa moto wowotcherera kumapsereza khungu la diso, koma ululu sumveka pomwepo. Umabwera patapita maola angapo, kawirikawiri usiku, misozi ili chuchuchu, m'maso ngati mwathiridwa mchenga. Achinyamata ambiri amanyozera chifukwa masana onse amakhala ali bwinobwino, ndipo magalasi akuda a dzuwa sateteza ku moto umenewu. Mapaipi ndi malata okutidwa ndi zinki nawo amatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa, thupi n'kutentha ndi kuphwanya.

Ine ndikadalemba motere: "Osayang'ana moto wowotcherera popanda chigoba cha kumaso, maso amawawa usiku. Osawotcherera kapena kudula mgolo umene munali petulo, umaphulika. Paipi ya zinki iwotchereredwe panja, pamene pakupita mphepo. Chitsulo chikasiya kufiira si kuti chazizira, chigwireni ndi chopanira."