Funsani Amalume: Kamwala kandiswera galasi

Funso: Amalume, ndimayendetsa minibasi pakati pa Chipata ndi Katete. Pomwe akukonza msewu amatipatutsira m'kanjira kafumbi, ndipo sabata yatha kamwala kandiswera galasi lakutsogolo. Pamalo otere ndiziyenda bwanji? Dalaivala, Kapata.

Yankho: Pepani mphwanga, koma kamwalako sikanadziponye kokha. Kanachokera kutayala la galimoto yomwe munaitsatira pafupi kwambiri. Miyala yongothiridwa kumene imakhala isanagwirane ndi phula, choncho chepetsani liwiro mukangoona chikwangwani choyamba, ndipo mnzanu wakutsogolo mumusiyire mpata waukulu.

Ine chimene chimandiopsa kuposa miyala ndi fumbi. Pa Great East Road malole opita ku Mwami, kumalire a Zambia ndi Malawi, ndi aatali, akadutsa fumbi limati kobo, simuonanso kanthu. M'fumbimo mumakhala bambo wanjinga atasenza matumba atatu a makala, mwinanso ngolo ya ng'ombe. Yatsani magetsi ngakhale dzuwa lili paliwombo, ndipo musayese kupitirira lole.

Mnyamata wa mbendera yofiira akakuimitsani, imani basi, chifukwa njira yotseguka ndi imodzi ndipo anzanu akubwera kuchokera uko. Okwera adandaule kuti achedwa kumsika. Galasi latsopano ogula ndinu.