Kafukufuku wongoyang'ana odwala mtima

Achimwene, mwafunsa ngati bambo asiye mapiritsi a mtima chifukwa mwawerenga kuti ochitidwa opaleshoni amakhala moyo wautali. Funsani kaye kuti kafukufukuyo anachitika bwanji. Ngati ofufuza anangoona mafaelo a odwala, pamenepo pali msampha. Madokotala amasankhira opaleshoni anthu amene thupi lawo lingapirire, ofooka n'kutsala pa mapiritsi. Ndiye opaleshoni imatamandidwa chonsecho anthuwo anali olimba kale.

Zinachitikapo ku America. Kafukufuku wotsatira anamwino anaonetsa ngati mankhwala a mahomoni amateteza mtima wa azimayi osiya kusamba, koma mu 2002 kafukufuku wina wotchedwa Women's Health Initiative, wogawa azimayi mwamaere kuti ena amwe mankhwalawo ena ayi, anapeza matenda a mtima akuwonjezekako mwa omwa mankhwalawo.

Pepala mwawerengalo mupite nalo kwa dokotala wawo ku chipatala cha Parirenyatwa kuno ku Harare. Mapiritsiwo asasiye okha.