Mipando iwiri padzuwa limodzi, wina wayoyoka

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji mipando iwiri yolembedwa PP kunsi kwake, ikakhalitsa padzuwa limodzi, wina umachita mbuu n'kumathetheka pomwe unzake ukadali gwa. Dzuwa lokha musalinamizire. Mbali ina ya mlanduwu inayambira kufakitale.

PP ndi chidule cha polypropylene, pulasitiki yemwe ndi unyolo wautali wa timagawo ta gasi wotchedwa propylene. Kuti timagawoto tigwirane pamafunika catalyst, mankhwala ofulumizitsa ntchito koma iwo osatha. Ofala kwambiri ndi a mtundu umene Karl Ziegler anatulukira mu 1953, Giulio Natta n'kuugwiritsa ntchito pa propylene mu 1954. Muli titanium, chlorine ndi aluminium. Kale ankachita kutsuka pulasitiki kuti zotsalira za catalyst zichoke, koma kuyambira m'ma 1970 kunabwera ma catalyst amphamvu moti pang'ono pokha pamakwana, ndiye zotsalirazo amangozisiya momwemo.

N'tochepa zedi, timagawo towerengeka pa miliyoni, koma si tamasewera. Kutentha kapena kuwala kwa UV, kuwala kosaoneka kochokera kudzuwa, kukavulaza unyolo, okosijeni amalowerera pabalapo n'kupanga zotchedwa hydroperoxide. Pazokha zimenezi zimasweka pang'onopang'ono. Pakakhala kachitsulo pafupi, monga titanium wa m'zotsalira zija, kamaziswa msangamsanga n'kutulutsa ma radical, tizidutswa taukali tomwe timakazula hydrogen pa unyolo woyandikana nawo, kumenekonso n'kubadwa hydroperoxide wina. Chonyansa n'choti kachitsuloko sikatha ayi. Kamapereka electron, kamalandiranso, basi kali pantchito. Unyolo ukaduka malo ambiri m'pamene mukakanda mpando ndi chikhadabo pamatuluka ufa woyera, mwendo n'kungoti thyo osayamba wapindika. Polypropylene amagonja msanga kuposa polyethylene, pulasitiki wa majumbo, chifukwa theka la ma carbon a pamsana pa unyolo wake ali ndi hydrogen wosavuta kuzula.

Chlorine nayenso ali ndi zake. Pulasitiki akamasungunulidwa, chlorine amasanduka asidi wodya makina ndi kufooketsa mankhwala oteteza, n'chifukwa chake amathiramo calcium stearate kuti amwe asidiyo.

Komabe pa mipando yanuyo ine ndikukayikira kwambiri mankhwala otetezawo. Opanga amathira ma antioxidant komanso ena otchedwa HALS ogwira ma radical, ndipo ma antioxidant amatha akamagwira ntchito pomwe kachitsulo kaja kakupitirizabe. Wopanga akaumira, kapena akasakaniza pulasitiki wakale yemwe anasungunulidwapo kangapo n'kutolera dzimbiri panjira, chitetezo chimatha msanga. Mwa zitsulo, mkuwa ndiye woopsa zedi pa zimenezi, moti pulasitiki wokutira mawaya amagetsi amamuthira mankhwala apadera omanga chitsulocho.

Ena amachita dala kuthira cobalt, manganese kapena iron m'majumbo kuti aziyoyoka msanga. European Union inaletsa pulasitiki wotere mu 2021, poti amangosanduka tizidutswa tosaoneka, osati kuwola.