Ndipite Kukakumana ndi Anzanga a ku Bunda?

FUNSO: Azakhali, tinamaliza maphunziro ku Bunda mu 2009, isanakhale yunivesite ya LUANAR. Pagulu lathu la WhatsApp wina waika chithunzi ali ku Manchester ku Mangalande, wina wabatiza mwana wachitatu, wina wamukweza pantchito ku Lilongwe. Ine ntchito inatha, ndikulima soya ku Mchinji, sindinakwatire. Akuti tikakumane ku Salima mu Disembala. Manyazi akundigwira. Ndipite? Wowerenga, Mchinji.

YANKHO: Pitani, mwanangu. Kalata yanu yandikhudza, chifukwa inenso ndinathawapo mkumano wotere ndipo mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi anamwalira tisanaonanenso.

Chithunzi cha ku Manchestercho sichikuuzani kuti kumeneko mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, mnzanuyo n'kumabwerera kunyumba mumdima, akulakalaka chambo ndi nsima ya kwawo. Mwina ndi inu amene akufunitsitsa kukuonani.

Za ukwati akakufunsani, ingoti nthawi yake sinakwane, basi. Za soya musabise. Pakati pawo pangakhale wodziwa ogula abwino kapena kopeza mbewu yovomerezeka. Koma Disembala ndi nthawi yodzala, ndiye apempheni asankhe tsiku loti mbewu ikhale italowa kale m'nthaka.