Andiitana kukadya ku Le Procope, ndikatani kumeneko?

Funso: Azakhali, mwezi wamawa ndikupita ku Paris kumsonkhano wa kuntchito, ndipo otilandira alemba kale kuti tsiku lomaliza tikadya chakudya chamadzulo ku Le Procope. Chifalansa sindichidziwa, nyama yotuluka magazi sindidya, ndipo ndikuopa kukachita manyazi pamaso pa abwana anga. Ndithandizeni. Ndine wanu, Wankhawa.

Yankho: Mtima pansi, mwanangu. Okuitanawo akulemekeza kwambiri. Le Procope inatsegulidwa mu 1686 ndi Francesco Procopio dei Coltelli, munthu wa ku chilumba cha Sicily ku Italy, mumsewu womwe lero umatchedwa rue de l'Ancienne Comédie. Inayamba ngati malo omwerapo khofi, ndipo anthu otchuka ngati Voltaire ndi Diderot, olemba mabuku a ku France, ndi Benjamin Franklin, wandale wa ku America, ankakhala momwemo n'kumakambirana za dziko. Ukalowa ukaone chipewa chomwe chili m'galasi, chomwe amati chinali cha Napoleon, mfumu yakale ya dziko la France. Ine nditalowamo koyamba ndinaima kaye pakhomo osalankhula, poganiza za mibadwo ya anthu amene anadutsa pamenepo.

Mawu oyamba kutuluka pakamwa pako akhale "Bonsoir". Afalansa amakhumudwa ndi munthu wongofikira kupempha zinthu asanapereke moni, ndipo moni umenewu wokha ukufewetsera usiku wonse.

Tsono ku nkhani ya nyama, yomwe ndikuona kuti ndiyo yakusowetsa tulo. Usakaitanitse steak tartare. Imeneyo ndi nyama ya ng'ombe yaiwisi, yoduladula bwino, yosakaniza ndi dzira laliwisi, ndipo siyandikira moto ngakhale pang'ono. Ukafuna nyama yowotcha, akufunsa kuti ipse bwanji. Saignant ndi yofiira m'kati, à point ndi yapakati koma imakhalabe yofiirira, ndiye iwe unene kuti "bien cuit", yopsa bwinobwino. Palibe amene angakuthamangitse chifukwa cha zimenezo.

Koma ukanakhala mwana wanga wobala ndekha ndikanakuuza kuti usiye zowotchazo, uitanitse coq au vin. Ndi tambala wophikidwa nthawi yaitali pamoto wochepa mu vinyo wofiira, pamodzi ndi bowa, tianyezi ting'onoting'ono ndi tizidutswa ta nyama ya nkhumba. Mnofu umachoka wokha pafupa, msuzi wake wakuda bii ndi wokhathamira, ndipo magazi sukawaona. Ngati nkhumba kapena vinyo sizilowa m'kamwa mwako, uneneretu asanalembe, akusankhira china. Palinso tête de veau, mutu wa mwana wa ng'ombe wophikidwa mpaka kufewa, ndi escargots, zomwe ndi nkhono zophikidwa ndi batala ndi adyo. Nkhonozo ine ndimazikonda, ndipo ukalimba mtima ulaweko imodzi.

Chakudya chimabwera motsatana. Entrée ndi kambale koyambira, plat ndiye chakudya chenicheni, kenako tchizi kapena dessert, zotsekemera, khofi pomaliza. Ambiri amalakwitsa podzaza mimba ndi buledi asanaone plat. Buledi ndi waulere, amamunyema ndi manja, ndipo kumuika patebulo pambali pa mbale si mwano. Madzi akumpopi nawo salipiritsa, ungonena kuti "une carafe d'eau". Mafoloko ndi mipeni zikachuluka, yamba ndi zakunja, uzilowa m'kati mbale iliyonse ikabwera.

Chomwe ndikufuna usaiwale ndi nthawi. Chakudya chamadzulo kumeneko chimayamba cha m'ma 7 koloko kapena 8, ndipo chimatha kutenga maola awiri kapena atatu. Woperekera zakudya akachedwa kubwera usaganize kuti wakunyoza, akukupatsani mpata woti mucheze. Mwambo wa kadyedwe kotere ndi umene bungwe la UNESCO linauika mu 2010 pa mndandanda wa chikhalidwe choyenera kusungidwa. Foni ikhale m'chikwama, udye pang'onopang'ono, ulankhule ndi amene wakhala nawo pafupi.

Popeza waitanidwa, zolipira ndi za eni phwando. Koma ukadzadya wekha tsiku lina, udziwe kuti bilu sibwera usanaiitanitse, unene kuti "l'addition, s'il vous plaît". Ndalama ya operekera zakudya imakhala yawerengedwa kale pamtengo, choncho ma euro awiri kapena atatu othokozera ndi kufuna kwako. Ndipo ukapeza masana amodzi opanda msonkhano, upite ku lesitilanti ina, Bouillon Chartier, yomwe inatsegulidwa mu 1896. Mitengo yake ndi yotsika, umakhala tebulo limodzi ndi anthu osawadziwa, ndipo woperekera zakudya amalemba zomwe waitanitsa papepala loyala patebulo pomwepo.