Funsani Anamwino: Msambo unasiya, ndilerere chiyani?

Anamwino, ndimakhala ku Johannesburg. Ndasuta nyaope (mankhwala ozunguza bongo okhala ndi heroin) zaka ziwiri ndipo msambo unasiya kalekale. Mwezi watha ndinayamba methadone, mankhwala othandiza kusiya heroin, ndiye kukiliniki akuti ndiyambe kulera. Ndilerere chiyani poti sindisamba?

Chemwali, akukilinikiwo akunena zoona, ndipo musazengereze. Heroin amene ali mu nyaope, chimodzimodzinso mankhwala opha ululu monga tramadol, codeine ndi pethidine, amafooketsa mahomoni a mu ubongo amene amakhwimitsa dzira. N'chifukwa chake msambo umadukiza kapena kusiyiratu. Koma kubereka sikunathe ayi. Mukakhazikika pa methadone, n'kuyamba kudya ndi kugona bwino, thupi limabwereramo, ndipo dzira limatuluka pafupifupi milungu iwiri magazi asanaoneke. Mutha kutenga pakati mukudikirabe msambo woyamba.

Yambani ndi kuyezetsa mimba. Ngati mwagonana popanda kondomu posachedwa, mukayezetsenso pakatha milungu itatu.

Methadone safooketsa njira iliyonse yakulera. Chofunika kudzifunsa n'chakuti, ndi njira iti imene ingakutetezeni ngakhale tsiku limene zinthu zavuta? Mapilitsi amafuna kumwa tsiku lililonse, ndipo chibaba chikagwira, munthu akusanza ndi kutsegula m'mimba, piritsi limatuluka lisanalowe m'magazi. Mukasanza pasanathe maola awiri chimwereni, imwani lina. Ife timalimbikitsa njira zokhalitsa: Implanon ya pamkono imagwira zaka 3, Jadelle zaka 5, lupu yopanda mahomoni zaka 10. Jakisoni wa Depo ndi wa milungu 13 iliyonse. Mukamusankha, pemphani kuti tsiku lobaya ligwirizane ndi tsiku lokatenga methadone kuti ulendo ukhale umodzi. Wosankha ndinu. Wina asakuumirizeni kutseketsa, kapena kukuopsezani kuti akumanani methadone mukakana kulera.

Musabise mankhwala ena amene mukumwa. Rifampicin wa TB, efavirenz wa mu ma ARV akale, ndi carbamazepine kapena phenobarbital wa khunyu amachepetsa mphamvu ya njira za pamkono, ndipo rifampicin ndi a khunyuwo amafooketsanso mapilitsi. Depo ndi lupu sizisokonezeka nawo. Ma ARV atsopano otchedwa TLD alibe vutoli. Rifampicin amatsitsanso methadone m'magazi, choncho chibaba chikabwerera mutayamba mankhwala a TB, kanenani awonjezere mlingo. Mapilitsi olerera okhala ndi homoni ya estrogen si anu ngati magazi anaundanapo m'mitsempha ya mwendo, ngati chiwindi chikudwala, kapena ngati mumasuta fodya ndipo mwakwana zaka 35.

Kondomu musaitaye, pakuti njira zinazi siziteteza ku HIV ndi chindoko. Ikang'ambika, piritsi la pangozi limwedwe msanga, asanathe masiku 5, ndipo PEP, mankhwala oteteza kuti musatenge HIV, ayambidwe asanathe maola 72.

Mng'ono wanga kuno ku Lilongwe amamwa tramadol tsiku lililonse, ndipo ali ndi pakati pa miyezi itatu. Pabanja tagwirizana zomutsekera m'nyumba kuti asiye. Tikulakwa?

Mayi, cholinga chanu n'chabwino, koma chonde musatero. Thupi likazolowera mankhwalawa, kusiya kamodzin'kamodzi kumazunza mayi pamodzi ndi mwana m'mimba: akhoza kupita padera kapena kubereka masiku asanakwane. Ndipo amene wasiya mokakamizidwa akabwerera ku mlingo wake wakale, thupi silipiriranso, amatha kukomoka n'kusiya kupuma.

Mperekezeni kusikelo sabata ino, atenge paketi ya mapilitsiwo, anene chilungamo kuti amamwa angati patsiku, ndipo apemphe kuonana ndi dokotala. Kwa amayi oyembekezera, World Health Organization imalimbikitsa methadone kapena buprenorphine (mankhwala ena ogwira ntchito ngati methadone) m'malo mosiyitsa mwadzidzidzi. Dokotala ndiye angakonze njira yoyenera. Pakadali pano asawonjezere mlingo, chifukwa tramadol wambiri amagwetsa ngati khunyu, ndipo asasakanize ndi mowa kapena diazepam.

Akachilire kuchipatala, ndipo azamba adziwe nkhaniyi. Popeza nalonso linazolowera mankhwalawa m'mimba, khanda likhoza kuyamba kulira mokuwa, kunjenjemera, kuyetsemula ndi kukana bere m'masiku oyambirira, motero lionedwe masiku angapo asanatuluke. Kulifungatira pachifuwa m'chipinda chopanda phokoso kumathandiza kwambiri. Mayi wokhazikika pa methadone atha kuyamwitsa, koma tramadol ndi codeine amadutsa mumkaka n'kugonetsa mwana moopsa. Za kulera akambiranetu kusikelo: ya pamkono amaika asanatuluke m'chipatala, lupu asanathe maola 48 chiberekereni.